Chifu anachidula, koma chomwe chinkandidyetsa chinatsala

Patatha milungu itatu chichitireni opareshoni yodula chifu kuti ndichepetse thupi, ndinadzuka cha m'ma 2 koloko usiku n'kulunjika kukhitchini. Ndinatsegula firiji n'kungoima chilili, kuwala kwake kukundiwomba kumaso. Njala ndinalibe. Chitsitsimukireni m'chipatala muja ndinali ndisanamvepo njala ngakhale kamodzi, ndipo m'mimba mwanga munkangokwana timasupuni tingapo ta msuzi. Koma miyendo inandifikitsa pamenepo yokha, monga inkachitira kwa zaka zoposa 20 tsiku lililonse limene zinthu zandiipira. Madzulo ake tinali titasemphana mawu pa foni ndi achemwali anga, nkhani yake yosati n'kuikumbukira n'komwe.

Abambo akunyumba anandipeza ndili pompo. "Amake mwana, mukufuna chiyani? Ndikufunditsireni madzi?" Ndinati sindikudziwa. Kenako ndinakhala pansi, kutsamira chitseko cha kabati, n'kulira ngati kwagwa maliro. Iwo anathedwa nzeru, anaganiza kuti mwina bala latseguka mkati, mpaka anatenga foni kuti aimbire dokotala. Bala linali bwinobwino. Ndinkalira chifukwa chinthu chomwe chinkanditonthoza moyo wanga wonse chinali pamaso panga, chodzaza mashelefu atatu, koma sindikanatha kuchimeza.

Nkhaniyi ndaisunga zaka zitatu. Ndikuilemba lero chifukwa mnzanga wina wakuntchito akukonzekera opareshoni yomweyi, ndipo atandifunsa kuti ayembekezere zotani, ndinayamba kumuuza za mavitamini. Ndili m'njira kubwerera kunyumba ndinazindikira kuti ndamupatsa zomwe akanatha kuziwerenga papepala la kuchipatala. Zenizenizo ndinazibisa.

Ndinalowa m'chipinda cha opareshoni ndili ndi zaka 41, ndikulemera makilogalamu 128. BMI yanga, nambala ija amaipeza poyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, inali pa 48. Ndinali ndi matenda a shuga, magazi ankathamanga, mawondo ankalira ndikamakwera masitepe, ndipo usiku ndinkabanika kutulo moti abambo akunyumba ankachita kundigwedeza kuti ndipume. Malangizo akale a 1991, ochokera ku NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, ankati opareshoni ndi ya munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ena. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa malirewo. Ine ndinali nditawadutsa onsewo kalekale.

Anandichita sleeve gastrectomy. Amachotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo 80 pa 100, n'kusiya kathumba kakatali kopyapyala kooneka ngati nthochi. Sabwezeretsa ayi, chachoka chachoka. Mbali yomwe amachotsayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, homoni youza ubongo kuti njala yafika, yomwe asayansi a ku Japan anaitulukira mu 1999. N'chifukwa chake kwa miyezi ingapo njala ya m'mimba imangozima ngati nyali. Dokotala anandifotokozera zonsezi mwachifatse, anajambula ndi chithunzi chomwe. Ndinaonananso kamodzi ndi katswiri wa maganizo opareshoni isanachitike, monga amafunira. Anandifunsa ngati ndimadya ndikakhumudwa, ine n'kuyankha kuti mwa apo ndi apo. Linali bodza la mkunkhuniza, ndipo ndinalinena dala, poopa kuti ndikaulula andiimitsa. Pambuyo pake ndamva kwa anzanga angapo kuti nawonso ananama pa funso lomwelo.

Za thupi sindichedwapo, zimenezi mudzauzidwa. Milungu yoyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako zophwanyaphwanya, kenako zofewa. Madzi umayenera kumwa lita imodzi ndi theka pa tsiku, koma pang'onopang'ono, ndipo sumwera chakudya, umadikira mphindi 30. Mapuloteni amafunika magalamu 60 kapena kuposerapo, ndiye ukakhala patebulo umayamba ndi dzira kapena nyama, zinazo zikapeza malo. Mavitamini, B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D, ndi a moyo wonse. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen anandiletsa chifukwa amatha kuyambitsa zilonda m'chifu. Mwezi wachinayi tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, koma linameranso. Tsiku lina ndinameza kachidutswa ka keke mothamanga, ndipo pasanathe mphindi 20 ndinali chigonere, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma. Amati dumping syndrome, chakudya cha shuga chikathamangira m'matumbo chisanagayike. Walira mvula walira matope. Zimenezi ndinazilandira.

Chimene sindinachilandire ndi tebulo. Ndikadya masupuni asanu ndakhuta, ena onse akadali poyambira. Ndinkangokhala manja ali pamiyendo, kuonerera ana anga akuwonjezera, n'kumamva ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe. Chikhalirecho chakudyacho ndaphika ndine! Pamenepo m'pamene ndinaona kuti chikondi changa chonse ndinkachionetsa ndi mphika, ndipo ndinkachilandiranso m'mbale. Wina akandilakwira ndinkadya. Ndikakhoza kanthu ndinkadyanso, ndipo tulo tikathawa chinali chimodzimodzi. Chakudya chinali mnzanga wosandifunsa mafunso, wosatopa nane, wopezeka ola lililonse. Mnzangayo anali akundipha pang'onopang'ono, sindikukana, koma atachoka ndinamulirabe.

Ife ochitidwa opareshoni timaitchula njala ya m'mutu. Imabwera mwadzidzidzi, imafuna chinthu chimodzi chenicheni, ndipo ngakhale ukhute siichoka. Mpeni wa dokotala sufikako.

Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinali nditatsika ndi makilogalamu 32, ndipo anthu anayamba kulankhula. Ena ankandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Muli bwino koma? Simukudwala?" Amenewa sankandipweteka. Ondipweteka anali oyamikira. "Koma ndiye mwakongola tsopano!" Tsopano ameneyo ankandibaya mumtima. Ndiye kuti zaka zonse zija tikuseka limodzi ankandiona bwanji? Kuntchito, bwana yemwe kwa zaka zisanu ndi ziwiri sankandiyang'ana n'komwe pamsonkhano anayamba kufunsa maganizo anga. Maganizowo anali omwe aja, mutu sanandidule. Ogulitsa m'masitolo anayamba kundimwetulira, anthu osawadziwa kundigwirira chitseko. Ndinayenera kusangalala, koma ndinkafika kunyumba ndi mkwiyo wosowa poutula. Ndinkamumvera chisoni mayi wonenepa uja, yemwe ankaganiza kuti anthu ndi ouma mtima mwachibadwa, osadziwa kuti amaumira iye yekha.

Alamu anga ena anandiuza pagulu, akuseka, kuti, "Ife tikuvutika ndi masewera olimbitsa thupi, inu munangodutsa njira yachidule." Ndinaseka nawo. Ndikanalimba mtima ndikanawauza kuti kuyambira ndili ndi zaka 19 ndinadzimana chakudya maulendo osawerengeka, kutsika 10 n'kukwera 15. Ndikanawauza kuti thupi likaonda limachepetsa mphamvu zomwe limagwiritsa ntchito n'kuwonjezera njala kuti libwerere pomwe linali, ndipo zimenezi si ulesi wa munthu. Njira yachidule yake iti yoti umasanza chifukwa chakuti watafuna ka 10 m'malo mwa ka 30? Koma sindinanene. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuuza anthu za opareshoni. Wondifunsa ndinkamuuza kuti ndinasintha kadyedwe, zomwe si bodza koma si zoonanso, ndipo pobisa chonchi ndinadzitsekera ndekha m'chipinda.

Kalilole naye sankagwirizana ndi sikelo. Ndinkagulabe zovala zazikulu. Podutsa pakati pa mipando ndinkapendekabe ngakhale malo alipo ambiri. Ubongo umachedwa kulandira uthenga. Ndikavula, khungu linali lende pamikono, pamimba ndi m'ntchafu, ngati ndabwereka chovala cha munthu wina. Ndili wonenepa ndinkavula nyali ikuyaka. Nditaonda ndinayamba kuizimitsa.

Abambo akunyumba anazindikira za nyaliyo, koma sananene kanthu. Munthuyu anandisamala kuposa momwe ndingafotokozere: kuchipatala anagona pampando, kunyumba ankandiwerengera timakapu ta madzi. Koma cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri anayamba kukhala duu. Ndikavala diresi latsopano ankangoti chabwino. Ndikachedwa kuweruka mafunso ankachuluka. Tsiku lina titakangana za kanthu kena, zinatuluka: "Kale ana akagona tinkakhala awiri, kumadya kenakake tikucheza. Pano mumati mwakhuta n'kukagona. Nanga ine nditsala ndi chiyani?" Sindinadziwe kuti m'nyumbamo olira tinali awiri. Kenako anawonjezera, maso ali pansi, kuti ankaopa kuti ndikadzafika pomwe ndikufuna ndidzatembenuka n'kuona kuti iwo sakundiyeneranso.

Mantha awowo sanali opanda pake. Ku Sweden kuli kafukufuku wotchedwa Swedish Obese Subjects, yemwe wakhala akutsatira anthu onenepa kwambiri kuyambira 1987, ndipo mu 2018 ofufuza a kumeneko anafalitsa zoti ochitidwa opareshoni amasudzulana kwambiri kuposa anzawo osachitidwa, komanso kuti amene anali okha amapeza banja kwambiri. Ineyo sindikhulupirira kuti opareshoni imapha banja. Imangovundukula chomwe chinali pansi. Mayi yemwe ankapirira kunyozedwa poganiza kuti palibe wina angamufune amadzuka tsiku lina n'kuona kuti chitseko n'chotsegula, ndipo ameneyo ndimamuombera m'manja. Koma aliponso mabanja abwinobwino omwe amangosowa chochita madzulo. Lathu linali lotero. Tinayamba kuyenda wapansi dzuwa likapendeka, mphindi 40, mafoni titasiya kunyumba. Masiku oyamba zinali zokakamiza, tinkangomva phokoso la nsapato. Nkhani zinabwera zokha patapita nthawi.

Mwezi wachisanu ndi chitatu ndi umene ndimaopa kuukumbukira. Shuga anali atatsika moti dokotala anandisiyitsa mankhwala, mawondo anasiya kupweteka, usiku ndinkapuma ngati khanda. Papepala ndinali chitsanzo chabwino. Koma m'mawa ndinkalephera kudzuka. Ndikafika kuntchito ndinkakhala m'galimoto theka la ola, manja ali pachiwongolero, osalira, osaganiza kanthu. Kenako maganizo anabwera oti mwina ana anga angakhale bwino popanda ine. Sindinauze munthu. Ungadandaule bwanji utapatsidwa chomwe unapempha wekha?

Amene anandigwira ndi nesi wa kukiliniki, tsiku loyeza magazi. Atandikweza pa sikelo n'kulemba nambala, sanandiyamikire monga ankachitira ena onse. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Amayi, nambala ndaiona. Nanga inuyo muli bwanji?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndili bwino, mawu osatuluka. Tsiku lomwelo anandilembera kalata yokaonana ndi katswiri wa maganizo. Magaziwo nawo anaonetsa kuti ayironi anali atatsika kwambiri, ndipo kufooka kwina komwe ndinkakuyesa ulesi kunkachokera pamenepo.

Kumeneko ndinamva kuti zomwe zinkandichitikira n'zodziwika. Ku Ontario, m'dziko la Canada, kafukufuku wa 2016 wa anthu oposa 8,000 anapeza kuti maulendo othamangira kuchipatala munthu atadzivulaza yekha anachuluka ndi pafupifupi theka pambuyo pa opareshoni, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ndi vuto la maganizo kale. Chiwerengerocho n'chaching'ono, ndipo anthu ambiri maganizo awo amapepuka akachitidwa opareshoni, makamaka chaka choyamba. Koma ochepawo alipo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwerengedwa nawo. Amene amamwa kale mankhwala a maganizo ali ndi vuto linanso: njira ya chakudya ikasintha, thupi limatha kusintha momwe limayamwira mapilitsiwo, ndiye mlingo wake umafunika kuunikanso. Zimenezi palibe anandiuza ndisanalowe m'chipinda chija, kapena anandiuza ine makutu ali ku makilogalamu.

Katswiriyo sanandiuze zozizwitsa. Anangondifunsa kuti ndinayamba liti kudya mobisa. Ndinayankha osaganiza n'komwe: chaka chomwe bambo anga anamwalira, ndili ndi zaka 14. Amayi anatsala ndi ana anayi ndi chisoni chawo chomwe, ndipo m'nyumbamo munalibe nthawi yolira. Ine ndinatulukira kuti pakamwa pakadzaza, pakhosi sipawawa. Chisoni chimenecho ndinachimeza zaka 27. Opareshoni itatseka njira, chinabwerera chonse, chosagayika.

Anandipatsa ntchito yooneka yachibwana. Ndikapezeka pafiriji, ndisanakhudze kanthu, ndizilemba pakapepala chomwe ndikumva. Sabata zoyamba ndinkangolemba kuti njala, njala, njala. Panapita miyezi kuti dzanja liyambe kulemba manyazi, kutopa, kapena kuti ndawasowa bambo. Dokotala anandipatsanso mankhwala omwe ndinamwa kwa chaka, ndipo sindichita nawo manyazi.

Gulu la anzathu ochitidwa opareshoni ndinkalikana. Ndinkaganiza kuti ndi malo okaonetserana zithunzi za kale ndi za lero. Koma kenako ndinalowamo. Timakumana kamodzi pamwezi, masiku enawo timalemberana pa WhatsApp. N'kumene ungafunse mopanda manyazi za mankhwala opaka pansi pa khungu lolendewera likayamba kuyabwa, kapena kuulula kuti wasanza m'chimbudzi cha kumalo odyera, anthu n'kungogwedeza mutu osadabwa. Mulinso mayi wina wachikulire amene anachitidwa gastric bypass, opareshoni ija amasiya kachifu kongofanana ndi dzira n'kukalumikiza mwachindunji ku matumbo aang'ono. Moyo wawo wonse mowa sankaugwira. Chaka chachiwiri anayamba ndi tambula imodzi ya vinyo madzulo, ndipo inkawagwira pa mphindi zochepa chabe, chifukwa mowa ukadutsa msanga kupita m'matumbo umalowanso msanga m'magazi. Chaka chisanathe, tambula inasanduka botolo. Kafukufuku wa ku America wa 2017 anapeza kuti mwa ochitidwa bypass, mmodzi mwa asanu alionse anali ataonetsa zizindikiro za vuto la mowa pasanathe zaka zisanu. Mayiwa sankadziwa nambalayo, koma anatiuza m'mawu awoawo: "Ana anga, dzenje lija likadalipo. Mukapanda kusuzumiramo mudzalikwirira ndi china." Ndinakhala chete, chifukwa m'kabati mwanga munali nsapato mapeyala 11 zomwe ndinagula pa intaneti usiku m'miyezi itatu, zina zisanatuluke n'komwe m'makatoni.

Amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo n'zoona, koma pali masiku omwe womva m'mimbayo sangathe ngakhale kudzuka. Achemwali anga, omwe aja tinasemphana mawu, ndi amene anaphunzira kugogoda. Poyamba ankandilondera mbale. "Kodi zimenezo mukuloledwa?" Ndinawauza kuti apolisi a chakudya ndili nawo okwanira m'mutu mwangamu, ena sindikufuna. Anakhumudwa sabata ziwiri, kenako anasintha. Za makilogalamu sanandifunsenso mpaka lero. Amaimba Lachitatu lililonse madzulo, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Lero mtima uli pati?" Ndikawachezera amandiikira mbale yaing'ono osalengeza, ndipo ndikasiya chakudya sanena kuti ndawanyoza. Mwana wawo atafunsa kuti bwanji azakhali amadya ngati mbalame, anamuyankha kuti azakhali akhuta, n'kupitiriza nkhani ina. Tsiku limenelo ndinawakonda kuposa kale lonse.

Ndinatsika mpaka makilogalamu 81 pa mwezi wa 16. Kenako sikelo inaima, kenako inayamba kukwera. Njala ya m'mimba inabwerera, kathumba kaja kanatanuka pang'ono, zomwe zimachitikira anthu ambiri pakadutsa chaka ndi theka kapena ziwiri. Nditafika 87 ndinaphonya dala maulendo awiri a kukiliniki. Ndinkaona ngati ndawononga ntchito ya dokotala, ndipo mawu a alamu aja ankandilira m'khutu. M'gulu mwathu ndaona kuti anthu amasowa nthawi yomweyi. Akamatsika amabwera mwezi uliwonse atavala zatsopano, koma sikelo ikangotembenuka mpando wawo umakhala wopanda munthu, chikhalirecho m'pamene akulifuna gululo. Ine anachita kudzanditenga mayi a vinyo aja. Anaimika galimoto pakhomo n'kuliza hutala mpaka ndinatuluka chifukwa cha manyazi ndi anansi. Nesi analemba 87, anayang'ana zotsatira za magazi, shuga ali bwinobwino, n'kunena kuti tidzaonanenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Basi. Ndili pa 87 pomwepo mpaka lero.

Mnzanga wakuntchito uja ndamuitana Loweruka, ndipo ndamuuza kuti abwere ndi mwamuna wake. Ndikufuna ndidzayambire pa funso lija ndinanama.

Sabata yatha ndinapezekanso pafiriji cha m'ma 1 koloko usiku. Mwana wanga wamkulu anali atandiyankha mwano madzulo ake, mawu ochepa koma olasa. Ndinatsegula chitseko, kuwala kuja kunandiwomba kumaso, ndipo tsopano m'mimba muli malo okwanira kuti ndikanatha kudya ndithu. Kapepala kanali pamwamba pa firiji pomwe kamakhala. Ndinalemba kuti ndikuopa kuti mwanayu sakundifunanso, n'kukhala pansi kutsamira kabati. Abambo akunyumba anabwera akuyasamula. Za madzi ofunda sanafunse. Anawerenga kapepalako, anakabwezera pamalo pake, n'kukhala pansi pambali panga, mawondo awo akulira. Tinakhala choncho mpaka firiji inayamba kulira kuti chitseko chakhala chotsegula nthawi yaitali, ndipo iwo anatambasula mwendo n'kuchikankha ndi phazi.